Mmene mungasungire ndi kulunzanitsa zosankha za anthu mu pulogalamu yaing'ono ya pa intaneti

Kwa zaka zingapo tsopano, achinyamata amene akulemba mapulogalamu kuno ku Blantyre akhala akundifunsa funso limodzi lomwelo, ena ophunzira a ku MUBAS amene ali pa ntchito yawo ya chaka chomaliza, ena amene anadziphunzitsa okha madzulo akaweruka ndipo tsopano apeza kasitomala wawo woyamba. Funsolo ndi lakuti: munthu akasankha chiyankhulo, kukula kwa zilembo kapena nthawi yolandirira uthenga mu pulogalamu yanga, ndizisunga kuti zimenezi, ndipo nditani kuti zimene wasankha pa foni akazipezenso pa kompyuta? Ndayankha pa WhatsApp, ndayankha pamasom'pamaso, koma nthawi zonse gawo lovuta limatsala chifukwa nthawi imatithera tisanafikepo. N'chifukwa chake ndalemba zonse pano kamodzi, mwandondomeko yake.

Tigwirizane kaye pa mawu. Ndikanena kuti zosankha, ndikutanthauza zimene ambiri timangoti ma settings. Zoyambira ndi zimene pulogalamu imagwiritsa ntchito munthu asanasankhe kanthu, zomwe pa Chingerezi amati default. Kulunzanitsa ndi kuonetsetsa kuti zimene zili pa chipangizo china zikufanana ndi za pa chinzake. Browser ndi pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, monga Chrome, Firefox, Safari kapena Opera, ndipo seva ndi kompyuta yakutali imene pulogalamu yanu imakhalapo. Chitsanzo chimene ndizibwererako ndi pulogalamu yolembera malonda ya shopu ya pikulitsa ku Limbe, imene ili ndi kompyuta imodzi pa kauntala, foni ya mwinishopu, ndi foni ya mnyamata woyang'anira katundu kumbuyo.

1. Musanakhudze kiyibodi, lembani zosankha zonse papepala, ndipo chilichonse muchipezere mwini wake.

Eni ake alipo atatu: chipangizo, munthu, ndi bizinesi yonse. Dzina la makina osindikizira malisiti ndi la kompyuta ya pa kauntala, chifukwa foni ilibe makinawo. Kukula kwa zilembo nakonso ndi kwa chipangizo, pakuti bambo amene wakulitsa zilembo pa kafoni kakang'ono safuna kuti akakhala pa kompyuta mawu atatu adzaze sikirini yonse. Chiyankhulo ndi cha munthu, ndipo chiyenera kumutsatira kulikonse kumene walowa mu akaunti yake. Kuwerengera kwa msonkho wa VAT ndi mawu olembedwa pansi pa lisiti ndi za bizinesi, ndipo wogulitsa pa kauntala sayenera kukhala ndi mphamvu yozisintha.

Pa chosankha chilichonse dzifunseni mafunso awiri. Loyamba, kodi munthuyu atagula foni ina mawa, angayembekezere kuti chimenechi achipezamo? Lachiwiri, kodi seva iyenera kuchidziwa ngakhale munthuyo atatseka browser? Ngati mwinishopu wasankha kuti azilandira SMS ya malonda a tsiku 6 koloko madzulo, amene amatumiza uthengawo ndi seva, kotero chosankhacho chikakhala mufoni mokha, uthenga sudzapita. Yankho likakhala inde pa funso lililonse mwa awiriwa, malo ake ndi pa seva. Likakhala ayi pa onse, chisiyeni pa chipangizo ndipo musachilunzanitse n'komwe. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kufuna kulunzanitsa chilichonse poganiza kuti kumeneko ndiye kuchita bwino, pomwe chosankha chilichonse chimene mwachitumiza ku seva chimabwera ndi mavuto onse a mu sitepe 6.

2. Zoyambira zikhale mu pulogalamu, ndipo musunge zokhazo zimene munthu wasintha ndi dzanja lake.

Ambiri munthu akangotsegula akaunti amakopera zoyambira zonse n'kuzilemba pa dzina lake. Vuto limadza patatha miyezi, mukaona kuti choyambira china sichinali bwino n'kufuna kuchisintha, chifukwa simungathenso kusiyanitsa amene anasankhadi ndi amene sanatsegulepo tsamba la zosankha. Mukasunga zosintha zokha, pamene palibe cholembedwa ndiye kuti munthuyo sanasankhe, ndipo choyambira chatsopano chimamufikira popanda inu kukhudza database, nkhokwe ya deta imene ili pa seva.

Ikani dongosolo limodzi lowerengera ndipo lilembedwe pamalo amodzi mu pulogalamu: yang'anani kaye chimene munthu anasankha, chikasowa yang'anani cha bizinesi, chikasowanso funsani browser, ndipo pomaliza tengani choyambira cha pulogalamu. Browser imadziwa zinthu zingapo zimene ingakuuzeni popanda kumufunsa munthu. Imatumiza chiyankhulo chake ku seva mu kauthenga kotchedwa Accept-Language, ndipo prefers-color-scheme imakuuzani ngati foni yaikidwa pa maonekedwe akuda. Koma pa chiyankhulo musaikhulupirire kwambiri, chifukwa mafoni ambiri amene ndimawagwira kuno anaikidwa pa Chingerezi ngakhale eni ake amakonda kuwerenga Chichewa. Ikani posankhira chiyankhulo pa tsamba loyamba, poonekera. Chizindikiro cha Chichewa ndi ny, kapena ny-MW mukafuna kutchula dziko. Pa nthawi, sungani dzina la chigawo, lomwe ndi Africa/Blantyre, osati kungowonjezera maola awiri pa nthawi ya padziko lonse ya UTC mkati mwa pulogalamu, chifukwa tsiku lina mwinishopu adzakhala ku London kapena ku Dar es Salaam akufuna kuona malonda ake.

3. Sankhani posungira pa chipangizo, ndipo dziwani malire ake.

Pa zosankha wamba localStorage, posungira pa mkati mwa browser, imakwanira. Mu browser zambiri imalola pafupifupi 5 MB pa webusaiti iliyonse, malo ochuluka kwambiri poyerekeza ndi zosankha makumi awiri kapena atatu. Imasunga malemba okha, ndipo apa m'pamene ambiri amapunthwa: mukasunga false, pobwera imakhala mawu akuti "false", amene JavaScript, chiyankhulo cha mapulogalamu a mu browser, imawatenga ngati zoona chifukwa si opanda kanthu. Munthu amazimitsa chinthu, koma akatsegulanso tsamba amachipeza chayaka. Gwiritsani ntchito JSON.stringify polemba ndi JSON.parse powerenga, zimene zimasandutsa chinthu kukhala malemba a JSON n'kuchibwezanso mmene chinalili, ndipo zonse ziwiri muzikute ndi try ndi catch, pakuti malo akatha kapena browser ikakana, pulogalamu yonse isaime chifukwa cha mtundu wa tsamba.

Cookie, kachidutswa ka deta kamene browser imasungira webusaiti, ndi yaing'ono, pafupifupi 4 KB, ndipo imapita ku seva pa pempho lililonse, zimene zikutanthauza kuti chilichonse chimene mwaikamo chimadya bandulo ya munthu mobwerezabwereza. Ntchito yake yabwino ndi ya zinthu ziwiri kapena zitatu zimene seva iyenera kudziwa isanapange tsamba, makamaka chiyankhulo ndi maonekedwe, kuti tsamba lisayambe kuoneka m'Chingerezi kenako n'kutembenuka kukhala Chichewa munthu akuona. IndexedDB ndi ya zinthu zambiri, monga mndandanda wa katundu yense wa m'shopu, ndipo ngati mukungofuna zosankha musadzipatse ntchito imeneyo. SessionStorage imafufutika tabu ikatsekedwa, kotero si ya zimenezi.

Chofunika kuika kumtima n'chakuti zonse zili mu browser zikhoza kufufutika nthawi iliyonse. Foni ikadzaza, anthu amapita nayo kwa okonza mafoni, ndipo chinthu choyamba chimene chimachitika ndi kufufuta deta ya mapulogalamu. Kuyambira mu 2020, Safari imafufuta localStorage ndi IndexedDB ya webusaiti imene munthu sanaikhudze kwa masiku 7 akugwiritsa ntchito browser yo. Munthu akatsegula tsamba lanu podina linki mkati mwa Facebook, nthawi zambiri limatseguka mu browser ya mkati mwa pulogalamuyo, imene ili ndi posungira pakepake, posiyana ndi pa Chrome ya foni yomweyo. Opera Mini ikakhala pa njira yake yopulumutsa deta kwambiri, tsamba limakonzedwa pa makompyuta a kampaniyo ndipo localStorage simungaidalire. Kuika chosankha chofunika mu browser mokha ndi kuwerengera madzi a mphutsi. Komanso pasiwedi ndi china chilichonse chachinsinsi chisalowe mu localStorage, chifukwa JavaScript iliyonse imene yalowa pa tsamba lanu ikhoza kuwerenga zonse zili m'menemo. Chizindikiro chosonyeza kuti munthu walowa chikhale mu cookie yokhala ndi HttpOnly ndi Secure, kuti JavaScript isaiwerenge ndipo izingoyenda pa njira yotetezedwa.

4. Pa seva, pangani tebulo limene chosankha chilichonse chili ndi mzere wake.

Mzerewo ukhale ndi zinthu zisanu: nambala ya munthu, dzina la chosankha, chimene wasankha, version, ndi nthawi imene chinasinthidwa. Version ndi nambala chabe imene seva imakweza ndi 1 nthawi iliyonse mzerewo ukasintha, ndipo ndi seva yokha imene ili ndi ufulu woikweza. Nambala ya munthu ndi dzina la chosankha pamodzi zikhale primary key, kuti mizere iwiri ya chinthu chimodzi isapezeke. Izi zimatheka mu database ya MySQL imene imapezeka pa hosting yotsika mtengo, mu PostgreSQL ndi mu SQLite mofanana.

Ena amakonda kuika zosankha zonse mu JSON imodzi pa mzere wa munthuyo. Poyamba zimaoneka zachangu, koma ndikukulangizani kuti musatero ngati munthu mmodzi adzagwiritsa ntchito zipangizo ziwiri, ndipo chifukwa chake muchiona posachedwa. Seva ikhalenso ndi mndandanda wa mayina ovomerezeka ndi zimene lililonse lingalandire. Chiyankhulo chikhale ny kapena en basi, ola likhale pakati pa 0 ndi 23, ndipo china chilichonse chikanidwe. Nambala ya munthu itengedwe kuchokera pa kulowa kwake, osati pa zimene browser yatumiza, apo ayi aliyense wodziwa pang'ono akhoza kusintha nambala ya foni yolandirira malipoti a shopu ya mnzake.

5. Munthu akadina, muonetseni kusinthako nthawi yomweyo, ndipo kutumiza kubwere pambuyo.

Netiweki kuno siyenda mofanana paliponse. Pa Ginnery Corner ikhoza kuyenda bwino, koma mukalowa m'nyumba yosungiramo katundu ya malata kuseri kwa shopu, kapena magetsi akazima rauta n'kuzima nawo, palibe chimene chikupita. Choncho munthu akasintha chosankha, chitani zinthu zitatu motsatana. Lembani mu localStorage ndi kusintha maonekedwe pompopompo. Kenako ikani kusinthako pa mndandanda wa zodikira, umenenso ukhale mu localStorage kuti usatayike tsamba likatsekedwa. Pomaliza yesani kutumiza. Zikapita, chotsani pa mndandanda. Zikakanika, zisiyeni, ndipo mudzayesenso tsamba likatsegulidwa kapena netiweki ikabwerera.

Musadalire navigator.onLine pokuuzani kuti intaneti ilipo. Foni ikhoza kusonyeza kuti yalumikizidwa ku TNM kapena Airtel pomwe bandulo inatha m'mawa. Umboni wokha woti zapita ndi yankho lochokera ku seva yanu. Mukamayesanso, muzitalikitsa nthawi yodikira, masekondi 5, kenako 10, kenako 20, kuti batire ndi deta zisathere pa kugogoda chitseko chotseka. Ndipo munthu akamasuntha chokulitsira zilembo kapena akadina kambirimbiri, dikirani sekondi imodzi atasiya musanatumize, ndipo pa mndandanda pakhale kusintha komaliza kokha kwa chosankha chilichonse.

6. Konzekerani tsiku limene zipangizo ziwiri zidzatsutsane.

Apa m'pamene malangizo ambiri amangodutsa ndi chiganizo chimodzi, ndipo apa m'pamene ndikufuna tikhalitse. Taganizirani za Lolemba m'mawa. Mwinishopu ali mu minibasi yochokera ku Machinjiri, bandulo yamuthera, ndipo wasintha chiyankhulo pa foni kukhala Chichewa. Kusinthako kuli pa mndandanda wa zodikira. Atafika ku Limbe wakhala pa kompyuta n'kusintha nthawi ya SMS kuchoka pa 5 koloko kufika pa 6 koloko, ndipo seva yalandira. Masana wagula bandulo, foni yalumikizidwa. Ngati foniyo itumiza JSON yonse ya zosankha monga inaidziwira dzulo, chiyankhulo chisintha bwino, koma nthawi ya SMS ibwerera pa 5 koloko popanda wina aliyense kuikhudza. Mwinishopu sadzanena kuti kulunzanitsa kwalakwika, adzangoti pulogalamu yanu ndi yosadalirika.

Lamulo loyamba ndiye ili: tumizani chosankha chokhacho chimene chasintha, osati zonse. Foni itumize chiyankhulo basi. Ndi tebulo la mu sitepe 4, mzere wa chiyankhulo ndi mzere wa nthawi ya SMS sizikhudzana, ndipo mikangano yambiri imathera pomwepa.

Kwatsala pamene chosankha chimodzi chomwecho chasinthidwa mbali zonse ziwiri. Maganizo oyamba amene amabwera kwa aliyense ndi akuti chipangizo chilichonse chizitumiza nthawi imene kusintha kunachitika, ndipo cha nthawi yam'tsogolo chipambane. Njira imeneyi inandivutitsa pa shopu ina, ndipo ndikufuna inu musadutsemo. Anandiimbira kangapo kuti zimene akusintha pa kompyuta sizikukhazikika, ndipo ndinayang'ana database kwa masiku awiri osapeza cholakwika. Tsiku lachitatu ndinapita komweko n'kupempha kuona foni ya mnyamata wa ku katundu, foni yakale yosweka galasi pakona, yomangidwa ndi labala kuti chivundikiro cha batire chisagwe. Pamwamba pa sikirini ola linali lolondola, koma nditatsegula kalendala ndinapeza kuti chaka chili patsogolo ndi chimodzi. Batire likagwa ankaika nthawi ndi dzanja, ndipo tsiku lina analakwitsa chaka. Chilichonse chimene foniyo inasintha chinkaoneka chatsopano kuposa china chilichonse chimene kompyuta ikanalemba kwa miyezi 12 yotsatira. Wotchi ya foni si mboni.

Apa m'pamene version imagwira ntchito yake. Chipangizo chikalandira chosankha kuchokera ku seva, chisunge ndi version yake. Potumiza kusintha, chinene kuti ndikusintha chiyankhulo kukhala ny, ndipo version imene ndinkaidziwa ndi 7. Seva ilembe pokhapokha ngati version ya mu tebulo ikadali 7, ndipo kuyang'ana ndi kulemba kuchitike mu lamulo limodzi la SQL (chiyankhulo cholamulira database), UPDATE yokhala ndi WHERE version = 7, imene ikukwezanso version kufika pa 8. Musawerenge kaye n'kudzalemba pa lamulo lachiwiri, chifukwa pakati pa malamulo awiriwo chipangizo china chikhoza kulowerera. Ngati palibe mzere umene wasintha, ndiye kuti wina anafika kale, ndipo seva iyankhe ndi nambala 409, yosonyeza kutsutsana, pamodzi ndi chimene chilipo tsopano ndi version yake. Amene mukugwiritsa ntchito ETag, chizindikiro chimene seva imaika pa yankho posonyeza version yake, ndi If-Match mudzayankha 412, koma nzeru yake ndi yomweyo.

Version imangokuuzani kuti pali kutsutsana. Wopambana mumasankha ndinu, ndipo ine ndimagawa motere. Ngati munthu wangodina kumene ndipo akuyang'ana pa sikirini, chimene wadinacho ndicho akufuna, kotero chipangizo chitenge version yatsopano n'kutumizanso. Ngati kusinthako kwagona pa mndandanda kwa maola ndipo chosankhacho n'chopepuka, monga chiyankhulo, chimene munthu anachita pomaliza ndicho chipambane, ndipo pali njira yodziwira zimenezi popanda kukhulupirira kalendala ya foni. Foni ilembe nthawi yake pamene munthu wasintha, ndipo potumiza iwerengenso wotchi yomweyo n'kuchotsera, kuti inene kwa seva kuti kusintha uku kunachitika masekondi 14,400 apitawo. Ngakhale chaka chitalakwika, kusiyana pakati pa nthawi ziwiri za wotchi imodzi kumakhala kolondola, pokhapokha wina atasintha wotchiyo pakati. Seva ichotse masekondiwo pa nthawi yake n'kuyerekeza ndi nthawi ya mu tebulo. Yankho likatuluka losamveka, monga nambala yochepera 0, za pa seva zikhale.

Koma pa zosankha zokhudza ndalama kapena chitetezo, monga nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yolembedwa pa lisiti, nambala yolandirira malipoti, kapena kuwerengera msonkho, pulogalamu isaweruze yokha. Ine sindilola n'komwe kuti zimenezi zisinthidwe popanda netiweki. Batani likhale lozimitsidwa ndipo palembedwe chifukwa chake momveka. Pakachitika kutsutsana, muonetseni munthu zonse ziwiri n'kumufunsa chimene akufuna, ndipo mulembe mu tebulo lina amene anasintha, nthawi yake, ndi chimene chinalipo kale.

Pali misampha inayi imene imabisala mu sitepe imeneyi. Woyamba ndi yankho lotayika: pempho lafika, seva yalemba, koma netiweki yaduka yankho lisanabwerere. Foni itumizanso ndi version 7 n'kulandira 409 chifukwa cha kulemba kwake komwe. Choncho musanatchule kuti ndi mkangano, yerekezani kaye, ndipo ngati chimene chili pa seva chikufanana ndi chimene mukutumiza, tengani version yatsopano n'kuchotsa pa mndandanda mwakachetechete. Wachiwiri ndi kubwerera ku zoyambira. Munthu akadina batani limenelo, musafufute mzere mu tebulo, chifukwa version imapita nawo ndipo chipangizo china sichidzadziwa kuti china chake chachitika. Siyani mzerewo, ikanimo null, kutanthauza kuti mulibe kanthu, ndipo kwezani version. Wachitatu ndi wakuti pokoka zosankha kuchokera ku seva, musalembe pamwamba pa chosankha chimene chikadali pa mndandanda wa zodikira, apo ayi munthu adzaona chimene wasankha chikubwerera m'mbuyo kenako n'kudzasinthanso. Mofananamo, yankho la seva likafika, chotsani pa mndandanda pokhapokha ngati munthu sanasinthenso chinthu chomwecho pempho lili m'njira. Wachinayi ndi zosankha zimene zili mndandanda, monga katundu amene munthu amafuna kuti aziwoneka pamwamba. Foni ikawonjezera shuga ndipo kompyuta ikawonjezera mafuta ophikira, palibe chifukwa choti chimodzi chitayike. Chilichonse chikhale ndi mzere wake, kuti muzitumiza kuwonjezera kapena kuchotsa chinthu chimodzi, osati mndandanda wonse.

7. Kumbukirani kuti chipangizo chimodzi chimagwiridwa ndi anthu ambiri.

Malangizo ambiri amalembedwa ngati kuti munthu aliyense ali ndi kompyuta yake, pomwe kuno kompyuta ya pa kauntala imasinthana manja katatu pa tsiku, ndipo foni imodzi imatumikira banja lonse. Dzina limene mukusungira zosankha za munthu mu localStorage likhale ndi nambala ya akaunti yake, kuti za mayi wogulitsa m'mawa zisasakanikirane ndi za mnyamata wa masana. Munthu akamatuluka, yesani kaye kutumiza zodikira zake. Zikakanika, muuzeni kuti pali zosintha zimene sizinapite ndipo asankhe yekha kudikira kapena kuzitaya. Kenako fufutani zosankha za munthuyo, koma za chipangizo, monga makina a malisiti, zisiyeni. Choopsa kwambiri ndi mndandanda wa zodikira wopanda dzina, chifukwa umatumizidwa pa akaunti ya amene walowa pambuyo pake.

Munthu amene anasankha Chichewa asanalowe, n'kutsegula akaunti yatsopano, chosankha chakecho chipite naye ku akauntiyo. Koma ngati akulowa mu akaunti yakale imene ili kale ndi zosankha, za pa seva zipambane, chifukwa simukudziwa amene anakhala pa mpando umenewo iye asanafike.

8. Kokani zosankha pa nthawi zochepa zodziwika.

Pulogalamu yaing'ono sifunika WebSocket, njira yolumikizana ndi seva mosadukiza, pa ntchito imeneyi. Kokani munthu akalowa, tsamba likatsegulidwa, ndi pamene wabwerera ku tabu atachokapo, zimene visibilitychange imakuuzani. Ikani ETag pa yankho kuti ngati palibe chasintha seva ingoyankha 304 yopanda katundu. Pa ma tabu awiri a browser imodzi, storage event imadziwitsa ma tabu enawo localStorage ikasintha, koma dziwani kuti siimveka mu tabu imene yalembayo.

9. Siyani mpata woti zosankha zidzasinthe maonekedwe m'tsogolo.

Lero maonekedwe ndi inde kapena ayi pa mtundu wakuda, mawa mudzafuna atatu: woyera, wakuda, ndi wotsatira foni. Pa tsiku limenelo mafoni ena adzakhala akuyendetsabe JavaScript yakale imene browser inasunga. Musasinthe tanthauzo la dzina lakale. Pangani dzina latsopano, seva imasulire zakale kupita ku zatsopano kamodzi, ndipo pulogalamu ikakumana ndi dzina kapena chinthu chimene sikuchidziwa, igwiritse ntchito choyambira popanda kufufuta chimene yachipezacho.

10. Zosankha zina ndi zinthu zokhudza munthu, ndipo malamulo amazikhudza.

Nambala ya foni, dera limene munthu amakhala, ndi kuvomera kwake kulandira mauthenga otsatsa malonda zili m'gulu limeneli. Malawi ali ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, limene MACRA inapatsidwa udindo woliyang'anira, ndipo ndi bwino kuliwerenga musanapereke pulogalamu kwa kasitomala. Mauthenga otsatsa malonda ayambe ali ozimitsa, munthu awayatse yekha, ndipo musunge nthawi imene anavomera. Akazimitsa, kuzimitsako kupambane pa mkangano uliwonse. Akaunti ikafufutidwa, mizere yake mu tebulo la zosankha ipite nayo.

11. Yesani ndi zipangizo zenizeni musanapereke.

Tengani foni ndi kompyuta, mulowe mu akaunti imodzi. Ikani foni pa flight mode, sinthani chiyankhulo, tsekani browser yonse, kenako sinthani nthawi ya SMS pa kompyuta, yatsani netiweki ya foni, ndipo onani ngati zonse ziwiri zakhala. Bwerezani posintha chosankha chimodzi mbali zonse ziwiri. Kenako lowani mu zoikamo nthawi za foni, pititsani chaka patsogolo ndi dzanja, ndipo bwerezaninso. Mu Chrome ya pa kompyuta, tsegulani DevTools, zida za olemba mapulogalamu, ndipo pa gawo la Network chepetsani liwiro kuti lifanane ndi 3G, dinani batani limodzi kasanu mofulumira, muone chimene chatsala mu tebulo. Fufutani deta ya browser n'kulowanso kuti muone ngati zosankha za akaunti zabwerera zonse. Pomaliza tulukani netiweki itazima, lowani ndi akaunti ina netiweki itabwerera, ndipo tsegulani database muwerenge mizere ya munthu wachiwiriyo umodziumodzi, kuti mutsimikize kuti palibe cha woyamba chimene chalembedwa pa dzina lake.